Chipinda chotchipa mu Lilongwe sachipezera pa depoti usiku

Nyengo ya Khirisimasi ndi Nyuwere ikamayandikira, mabasi ndi maminibasi ochokera ku Mponela, Kasungu, Mchinji, Salima, Dedza ndi Ntcheu amatula anthu mumzinda wa Lilongwe usana ndi usiku. Ena amabwera ku maukwati ndi zinkhoswe, ena kudzagulira ana zovala ndi nsapato, ena kudzachingamira abale ochokera ku Joni, pomwe ena amadzazonda odwala kuchipatala cha Kamuzu Central. Koma dzuwa likapendeka, onsewa funso lawo limakhala limodzi: agona kuti?

Kale funsoli silinkavuta. Munthu ankangofikira kwa achimwene ku Kawale kapena kwa azakhali ku Area 25, n'kumuyalira mphasa pabalaza. Lero zinthu zidasintha. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mumzindawu muli anthu pafupifupi 990,000, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'nyumba za lendi. Kuchokera pomwe boma lidachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ufa, makala ndi sopo zidakwera mtengo. Paja amati mlendo ndi mame, koma mame a anthu asanu kwa masiku atatu amanyowetsa mwini nyumba mpaka thumba. N'chifukwa chake mabanja ambiri ayamba kuona kuti n'kwaulemu kulipira pogona kusiyana n'kukasautsa m'bale.

Vuto ndi loti ambiri amayamba kufunafuna pogonapo atafika kale, katundu ali pamutu, mwana ali kumsana, mvula ya Disembala ikuopseza. Munthu wotere alibe mphamvu zonenerera mtengo. Amalandira chipinda chilichonse chimene wakabaza wamulozera, pamtengo uliwonse umene wapakauntala watchula.

Malo ogona mu Lilongwe ali m'magulu atatu. Pali mahotela akuluakulu monga Sunbird Capital ndi President ku City Centre, Sunbird Lilongwe ku Old Town, komanso Crossroads pa raundabauti ya ku Mchinji. Pali maresitihausi ozungulira depoti ndi msika waukulu ku Old Town, omwe ndi otchipa koma ambiri ali pafupi ndi malo omwera mowa, moti banja la ana silingapezeko tulo. Ndiye pali gulu lapakati: maloji ndi magesitihausi a m'madera a nyumba zamipanda monga Area 3, Area 9, Area 10, Area 43 ndi Area 47.

Mwa madera onsewa, Area 47 ndiyo yoyenera kuti banja lochokera kunja kwa mzinda liyambe nayo. Maloji ambiri kumeneku adali nyumba zokhalamo anthu zomwe eni ake adazisandutsa malo ogona alendo, kotero kumapezeka mpanda, mlonda, poimika galimoto ndipo kwina khitchini yomwe mlendo angathe kuphikiramo phala la mwana. Derali lili kufupi ndi msewu wa ku Mchinji ndi sitolo za pa Gateway Mall, ndipo kupita ku Old Town kapena ku City Centre si ulendo wautali.

Komabe Area 47 nayo ili ndi zake. Loji yoyandikana ndi pa Bwandilo, pomwe anthu amachezera chakumwa ndi kanyenya, siingafanane ndi ya mkati mwa sekita ina, makamaka usiku wa pa 24 ndi pa 31 Disembala. Komanso bwalo la zamasewero la Bingu, lomwe lidatsegulidwa mu 2017, lili ku Area 48, poyandikana pomwepo. Kukakhala mpira waukulu kapena msonkhano pabwaloli, zipinda za m'derali zimatha msanga.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachiganizira. Mahotela akuluakulu a mu likulu amadalira kwambiri misonkhano ya boma ndi mabungwe. Sabata ya Khirisimasi misonkhanoyi imaima, ndipo anthu andalama amathamangira kunyanja ku Senga Bay ndi ku Mangochi. Pomwe maloji apakati akudzaza ndi alendo a ukwati, hotela yaikulu itha kukhala ndi zipinda zopanda anthu. Palibe cholakwika kuimba foni n'kufunsa ngati pali mtengo wapadera wa banja panyengoyi. Kufunsa salipiritsa, ndipo safunsa adadya phula.

Pofunsapo, mtengo wa chipinda pawokha sukwanira. Banja lidziwe ngati mtengowo ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi, ngati msonkho wa VAT ndi wa zokopa alendo zili momwemo, ngati pali kadzutsa, komanso ngati ana angagone ndi makolo awo popanda kuonjezera ndalama. Lifunsenso ngati pali jenereta kapena sola magetsi a Escom akathima, thanki ya madzi mipope ikauma, ndi neti ya udzudzu pabedi lililonse poti dzinja ndi nyengo ya malungo. Za madzizi si zocheza: mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda wa Lilongwe zidachedwa kutsegulira chifukwa cha mliriwo. Chipinda chotchipa chopanda madzi kuchimbudzi chingathe kuthera pabedi la kuchipatala.

Mayendedwe nawo awerengeredwe. Loji yotchipa yomwe ili kutali ndi siteji ya minibasi imadya ndalama yomwe banja limaganiza kuti lapulumutsa, chifukwa anthu anayi sangakwere kabaza mmodzi, ndipo usiku takisi imatchula mtengo wake.

Kusungitsa chipinda pasadakhale kwaphweka chifukwa cha Airtel Money ndi Mpamba, koma pomwepa ndi pomwe akamberembere amatchera misampha. Chithunzi chokongola pa Facebook kapena pa WhatsApp si umboni woti lojiyo ilipo. Chanzeru n'kutuma m'bale wa m'tauni kuti akaone malowo ndi maso, akaone chiphaso cha boma chololeza malowo kulandira alendo, kenaka n'kulipira gawo lochepa chabe la ndalamazo ndi kusunga uthenga wotsimikizira. M'bale yemwe sakadakwanitsa kusunga alendo asanu sangakane kuyenda ulendo wa ola limodzi.

Koma udindo wonse usakhale pa mlendo yekha. Eni maloji amene amatchula mtengo poyang'ana nsapato za wofunsayo kapena chinenero chake akudzipha okha, poti banja lodyeredwa masuku pamutu limakauza mpingo wonse ndi msika wonse kwawo. Mitengo iyenera kulembedwa poyera pakauntala, mu kwacha, pamodzi ndi misonkho yonse. Nalonso bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe ntchito yake ndi kuteteza ogula, pamodzi ndi khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ndi nthambi ya boma yoona zokopa alendo, ayenera kuyendera malowa Disembala asanafike. Boma lakhala likulimbikitsa Amalawi kuti aziyendera dziko lawo, koma mlendo wa m'dziko momwe muno si wopita kunyanja yekha ayi. Mayi wogulitsa tomato pa Lizulu amene wabwera ku ukwati wa mwana wa mchemwali wake ndi mlendonso, ndipo ndalama yake ndi yomweyo.

Tsiku la ukwati limadziwika miyezi ingapo lisanafike, ndipo Khirisimasi siisuntha pa 25 Disembala. Banja lomwe likudziwa kuti likagona mu Lilongwe liyambe kuimba mafoni mu Novembala, lifananitse malo atatu kapena anayi, ndipo ngati n'kotheka ligwirizane ndi mabanja ena a ulendo womwewo kuti atenge zipinda zingapo malo amodzi n'kunenerera limodzi. Mwini loji amamvetsera msanga akamva za zipinda zinayi kusiyana ndi munthu mmodzi wofika 9 koloko usiku atanyowa.