Chinkhanira chikaluma mwana, musadikire kuti kuche

Alimi anzanga, ambiri kuno kumapiri a Dedza timayesa zinkhanira ndi nkhani ya kuchigwa, ku Golomoti ndi Mtakataka komwe kumatentha. Koma poyendera alimi a kachewere ku Bembeke ndakhala ndikuzipeza pansi pa miyala, m'milu ya nkhuni ndi m'mapesi.

Kwa munthu wamkulu, kawirikawiri kuwawa kumatha kokha. Vuto lili pa ana. Chinkhanira cha mchira wonenepa ndi zopanira zazing'ono ndicho choopsa kwambiri. Mwana akayamba kuchucha dovu, kulephera kumeza, kunjenjemera kapena kubanika, kutema mphini ndi kuyamwa bala sikuthandiza. Kumanga chingwe nako kumangowonjezera vuto. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Nanga kuchipatalako akapezako chiyani? Mankhwala othetsa ululu wa chinkhanira alipo, ndipo amapangidwa ku Johannesburg ndi a South African Vaccine Producers. Amasungidwa mufuriji, ndipo amabayidwa mumtsempha ndi wachipatala wodziwa bwino, poti ena thupi lawo limawakana. Sindikunena kuti kachipatala kalikonse kakumudzi kawasunge ayi. Ganizo langa ndi lakuti chipatala chachikulu m'boma lililonse chikhale ndi timabotolo tingapo, pamodzi ndi mankhwala a njoka, komanso ambulansi yokatenga wodwala msanga.

Makomiti a zaumoyo m'midzi afunse akuluakulu za nkhaniyi. Pakadali pano, kutumulani nsapato musanavale, ndipo musatume mwana kukatola nkhuni kutada.