Mapemphero a Brigid Asasinthidwe Mwakabisira

Pa 1 February chaka chilichonse anthu a ku Ireland amakumbukira Brigid, ndipo kuyambira mu 2023 boma lawo linakhazikitsa tchuthi cha dziko lonse pomulemekeza. Nyengo imeneyi ikafika anthu amaluka timitanda ta udzu wa m'dambo wonga mlulu, ndiponso amagawana ndakatulo ndi mapemphero otamanda mayiyu. Koma kodi amene akutamandidwayo ndi Brigid uti?

Funsoli likubwera chifukwa dzinali ndi la awiri. Buku lakale lomasulira mawu lotchedwa Sanas Cormaic, la cha m'ma 900, limati Brigid anali mulungu wamkazi amene alakatuli ankamupembedza, mwana wa Dagda, ndipo anali ndi abale ake awiri a dzina lomweli, wina wa zochiritsa, wina wa zosula zitsulo. Winayo ndi Brigid Woyera, amene akuti anamwalira cha m'ma 524 atakhazikitsa nyumba ya asisitere ku Kildare. Mbiri yake analemba Cogitosus patapita zaka zoposa 100. Tsiku la woyerayu limagwera pa chikondwerero chakale cha Imbolc, ndipo Gerald wa ku Wales, polemba cha m'ma 1188, anafotokoza za moto wosazima umene asisitere 19 ankasonkhezera mosinthana ku Kildare, usiku wa 20 n'kumusiyira Brigid mwiniwake. Ena amati motowu ndi umboni woti woyerayu analowa chabe m'malo mwa mulungu uja. Akatswiri a mbiri yakale sagwirizana pa mfundoyi.

Ine sindikuona cholakwa kuti Akhristu ndi anthu amene masiku ano abwerera ku chipembedzo chakale cha Aselti amwere chitsime chimodzi. Asisitere a chipani cha Brigidine atayatsanso moto wa ku Kildare mu 1993 sanaike mlonda wofunsa obwera kuti amapemphera kuti. Chimene ndikudana nacho ndi khalidwe lokonza pemphero mwakabisira. Wina amatenga pemphero lakale, n'kuchotsamo dzina la Khristu ndi la Maria, kenaka n'kumauza anzake kuti awa ndi mawu a makolo Chikhristu chisanafike. Limeneli ndi bodza. Mapemphero akale amene anatifika analembedwa ndi Akhristu kapena kutoledwa pakamwa pa Akhristu, ndipo amene ankawanena ankatchula Brigid kuti Maria wa anthu a ku Ireland ndi mtima wonse. Kuwachotsera mawu awo n'kuwalanda chikhulupiriro chawo iwo ali m'manda, osatha kudziyankhira.

Ena anganene kuti pemphero si buku la mbiri, limakhala ndi moyo pamene likusintha. N'zoona ndithu, ndipo ife ophunzira zolankhulidwa pakamwa tikudziwa kuti nthano imodzi simveka chimodzimodzi m'midzi iwiri. Koma kusintha kochitika poyera n'kosiyana ndi kusintha kobisa. Taonani zimene zinamuchitikira Alexander Carmichael, amene anatolera mapemphero a anthu a ku zilumba za Scotland, ena mwa iwo otamanda Brigid, n'kuwasindikiza mu Carmina Gadelica mu 1900. Ntchito yake ndi yamtengo wapatali, komabe akatswiri atayerekeza bukulo ndi zolemba zake za pamanja anapeza kuti ankasalaza ndi kulumikiza zimene anamva. Zotsatira zake, lero wowerenga amakayika kuti mawu a mayi wa kumudzi akuthera pati, a wotolerayo akuyambira pati.

Nawonso a mpingo amene amakwiya akamva kuti Brigid ndi mulungu wa alakatuli akuyenera kuugwira mtima. Sanas Cormaic inalembedwa pakati pa ophunzira achikhristu, ndiye kuti iwowo ndi amene anasunga mbiri ya mulunguyu m'malo moifafaniza.

Choncho amene walakatula ndakatulo yake yatsopano yotamanda mulungu wamkazi asainepo dzina lake ndi chaka. Amene wamasulira pemphero lakale kuchokera m'chinenero cha Irish atchule kumene walitenga, ndipo ngati wachotsamo dzina la Khristu anene kuti wachotsa.