Mamita amakono angachepetse mdima, koma ndani adzateteza kasitomala?

Pofika pa 24 Novembala 2024, eni mamita olipiriratu m'maiko ambiri, kuphatikizapo makasitomala a Escom kuno kwathu, adayenera kubaya manambala apadera kuti mita ipitirize kulandira mayunitsi. Kawerengedwe ka nthawi m'matokeni, komwe kadayambira mu 1993, kadali katafika pamapeto. Ntchitoyo idadalira munthu aliyense payekha chifukwa mita yakale silumikizana ndi ofesi ya kampani.

Apa ndi pomwe pali kusiyana ndi mita yamakono, yomwe ambiri amaitchula kuti smart meter. Iyo imatumiza yokha uthenga wa magetsi omwe nyumba ikugwiritsa ntchito, imadziwitsa kampani munthu akaisokoneza, komanso imalandira malamulo kuchokera kutali.

Phindu lomwe lingakhudze kwambiri Mmalawi wa m'tauni lidaoneka ku South Africa. Mu 2023 kampani ya Eskom idayesa njira ina ku Fourways, mumzinda wa Johannesburg. M'malo mozimitsa dera lonse magetsi akachepa, idatsitsa mphamvu yolowa m'nyumba iliyonse kufika pa ma amp 10. Mphamvu imeneyi ndi yokwanira mababu, wailesi yakanema ndi filiji, koma osati kuka kapena giza. Amene akukumbukira mdima womwe udadza namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, angavomereze kuti magetsi ochepa aposa kandulo. Ndiwo za mufiliji sizingaole, ndipo mwana angawerenge madzulo.

Komabe mphamvu yotsitsa magetsi uli mu ofesi ndi yomweyonso yodulira munthu osafika pakhomo pake. Ku Britain, makampani ena ankasintha mamita a anthu angongole kukhala olipiriratu pongogwiritsa ntchito kompyuta, ena mwa anthuwo ali odwala kapena okalamba. Zidatengera madandaulo ochuluka kuti mu 2023 bungwe loyang'anira makampaniwa la Ofgem liimitse kaye kukakamiza anthu kulowa dongosolo lolipiriratu ndi kukhwimitsa malamulo.

Palinso nkhani ya ndalama. Mamitawa amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, zomwe ndi zosowa kale, ndipo amafuna netiweki yodalirika. Kawirikawiri mtengo wotere umathera pa mayunitsi omwe kasitomala amagula. Tisaiwalenso kuti mita, ichenjere chotani, siwonjezera madzi mumtsinje wa Shire.

Choncho bungwe la Mera, lomwe limavomereza mitengo ya magetsi, likuyenera kukhala ndi mayankho mamita otere asadafike m'nyumba za ku Ndirande, Area 25 kapena Chibavi. Adzalipira mita ndani? Munthu adzachenjezedwa masiku angati asadadulidwe? Nanga uthenga wosonyeza nthawi yomwe banja limadzuka, kuphika ndi kuchoka pakhomo adzaloledwa kuuona ndani?