Musiyeni bridge, besi yanu ikudwala kwina

Kwabwera kachikhulupiriro pakati pa anyamata oimba besi, makamaka a m'mabandi a kutchalitchi kuno ku Area 36, ku Kawale mpaka ku 25, koti gitala ikamalira mofooka ndiye kuti bridge yake ndi yotchipa. Ndiye muwamve akutuma achibale ku Joni kuti awagulire yolemera, yonyezimira, ija anaiona pa YouTube. Inu amene mwayamba kale kusungira zimenezi, tandimverani kaye.

Kwa amene simuimba, bridge ndi kachitsulo kakumunsi kwa gitala komwe nsambo zimakoledwa. Ntchito yake ndi kugwira nsambo, kuzikweza kapena kuzitsitsa, ndi kusintha kutalika kwake kuti mawu asaphonye mukamadina kumtunda. Sindikukana kuti yolemera imatha kupangitsa mawu kukhalitsako pang'ono asanazime. Koma pang'ono pakeko mungakumve m'chipinda muli nokha. M'tchalitchi cha malata, ng'oma zikugunda, kiyibodi ikulira, sipika yake yong'ambika, amayi a kwaya sangasiyanitse, olo inuyo amene.

Chimene chimatola mawu ndi pickup, maginito aja ali pansi pa nsambo. Amamva kunjenjemera kwa waya basi. Waya akadzala thukuta ndi dzimbiri, mawu amafa, kaya bridge ndi ya golide.

Ine ndimagulitsa pamsika, ndimadziwa mmene wamalonda amayankhulira akafuna katundu atuluke. Bridge yolemera inatchuka m'ma 1970 ndi ya Badass, ndipo mpaka lero ogulitsa akudyerabe mbiri yomweyo. Koma taonani James Jamerson wa ku Motown. Ankaimba Fender Precision ya 1962 yokhala ndi bridge wamba ya kufakitale, kachitsulo kopinda chabe, ndi kasiponji koziziritsa mawu pamenepo, nsambo osazisintha zaka. Anzathu mukufuna mawu okhalitsa, iye ankachita kuwafupikitsa, ndipo dziko lonse likuvinabe. Ankadziwa mawu amene akufuna. Inu mukuwadziwa?

Komanso tikupitiranji kutali? Yobu Maligwa wa Madalitso Band anayambira m'misewu ya Lilongwe yomweyi ndi babatoni ya nsambo imodzi yopanga pamanja. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako ku Ulaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba yake ndi kamtengo ndi botolo. A Kachamba ku Chileka kwela wawo ankayenda pa besi ya nsambo imodzi. Ndani anawafunsapo kuti bridge yawo ndi ya kampani iti?

Ndiye chimandiwawa ndi ichi: mnyamata wosalipira lendi miyezi iwiri akuboola gitala ya mpingo, mabowo osagwirizana, kawaya ka earth kapansi pa bridge kakuduka, Lamlungu besi ikungoti zzzz. Mlandu wake apatsidwa wa pa mixer.

Ngati bridge yathyoka, kapena tizisikuluwu tadyeka moti nsambo zikungotsika zokha, sinthani, palibe angakutsutseni. Ngati ili bwino, gulani nsambo zatsopano. Ndalama ikavuta, wiritsani zakalezo m'madzi, ziumitseni bwinobwino, zimatsitsimukako masiku angapo. Kenako dinani pa fret ya 12, mumve ngati mawu akufanana ndi a nsambo yosadina, ndipo musinthe ndi sikuludiraiva pa bridge yomwe muli nayoyo.