Vampire mwamulandira, woitana mvula mwamuthamangitsa

Kwa amene simunalowepo m'magulu a roleplay pa WhatsApp kapena pa Discord, nkhani yake ili motere. Anthu amaluka sewero limodzi polemberana mauthenga. Aliyense amabwera ndi munthu wake wopeka, amene timamutcha OC, n'kulemba dzina lake, kwawo, mphamvu zake ndi zofooka zake. Admin akawerenga n'kuvomera, walowa. Akakana, watsala panja. Mkangano wanga uli pachitseko pomwepo. Ma-admin ambiri a magulu athu a ku Lusaka ndi kuno ku Chongwe asiya kuweruza kaseweredwe, ayamba kuweruza anthu. Ndipo amene akubwezedwa kawirikawiri ndi aja obwera ndi zinthu zakwathu.

Tinene kuti mtsikana wa ku Kanakantapa walemba OC wake: mwana wa mlimi, wolankhula Chisoli, amene agogo ake anamusiyira mphatso yoitana mitambo, koma akaitana mvula amadwala masiku atatu. Uyu ndi munthu wopangidwa bwino. Ali ndi kwawo, ali ndi mphamvu, ndipo mphamvuyo ili ndi mtengo wake. Yankho lomwe amalandira timalidziwa tonse: tuzithunzi toseka, wina n'kulemba kuti "izi n'zakumudzi", wina kuti "sitifuna zaufiti muno". Pagulu lomwelo muli vampire wazaka mazana asanu, muli mnyamata wa dzina lachijapani amene ali ndi chiwanda m'mimba, ndipo onsewa analowa popanda funso.

Manje tiyeni tifunsane. Vampire anachokera kuti? Ndi chikhulupiriro cha anthu a m'midzi ya kum'mawa kwa Ulaya, chimene Bram Stoker anachitola n'kuchiika m'buku la Dracula mu 1897. Nkhandwe ya michira isanu ndi inayi imene ili mwa Naruto, Masashi Kishimoto sanaitulutse m'mutu mwake chabe. Ili m'nthano zakale za ku Japan ndi ku China, zomwe agogo akumeneko ankasimbira adzukulu awo. Zonsezi n'zakumudzi. Kusiyana kwake n'kwakuti midzi imeneyo ili kutali ndipo yatifikira kudzera pa foni, pamene mudzi wathu timauona ndi fumbi lake. Chaka chilichonse Asoli amasonkhana kuno ku Chongwe pa mwambo wa Chakwela Makumbi, ndipo mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imatsogolera anthu kupempha mvula nyengo yodzala isanayambe. Dzina la mwambowo limanena za kukokera mitambo pansi. Mtsikana uja watunga pachitsime cha pakhomo pake, inu mukumuseka ndi pakamwa podzala madzi a eni.

Liwu lakuti ufiti si loseweretsa m'dziko lino. Zambia ili ndi lamulo la Witchcraft Act lochokera mu 1914, ndipo mwa zina limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Rungano Nyoni anapanga filimu yonse, I Am Not a Witch ya mu 2017, yoonetsa zimene zimachitikira kamtsikana kamene anthu akaloza chala, ndipo filimuyo inapambana BAFTA mu 2018. Inu mukalemba liwu limeneli pagulu mumaona ngati nthabwala. Koma screenshot ilibe mwini. Lero ili pagulu la RP, mawa ili mufoni ya azakhali, Lamlungu yafika kwa akulu a mpingo, ndipo mwana wa eni akufunsidwa mafunso amene sangathe kuyankha.

Mantha amenewa si ife tinawayamba. Dungeons & Dragons, kholo la masewero onsewa, inatuluka mu 1974 kuchokera kwa Gary Gygax ndi Dave Arneson. M'zaka za m'ma 1980 makolo ndi alaliki ena ku America anaiukira kuti ikuphunzitsa ana zausatana. Patricia Pulling anakhazikitsa bungwe lolimbana nayo mu 1983, ndipo kampani ya TSR inachita mantha mpaka inachotsa maina a ziwanda m'mabuku ake a mu 1989. Patapita zaka mainawo anabwerera, seweroli likuseweredwabe. Chomvetsa chisoni n'chakuti kumeneko oweruza anali anthu akunja osadziwa sewero. Kwathu kuno oweruza ndi osewera anzathu.

Ndodo ina imene ma-admin amakonda ndi dzina lakuti Mary Sue. Paula Smith ndiye analibweretsa mu 1973, m'kankhani koseka nthano zimene okonda Star Trek ankalemba, momwe kamtsikana kazaka khumi ndi zisanu ndi theka kamadziwa zonse ndipo aliyense amakakonda. Vuto limene ankaseka liripodi: munthu wopanda chofooka amatopetsa. Koma onani mmene ndodoyi imagwera m'magulu athu. Mnyamata akabwera ndi OC wophwanya phiri ndi chibakera chimodzi, anzake amati ndi moto. Mtsikana akabwera ndi msilikali wamkazi wotsogolera gulu lankhondo, amauzidwa kuti achepetse, akhale wochiritsa ovulala kapena chibwenzi cha wina. Goku wakhala akuwonjezera mphamvu kwa zaka makumi anayi ndipo palibe amamutcha Mary Sue. Ngati muyeso uli umodzi, ugwire onse. Ngati ukugwira atsikana okha, lekani kuutcha muyeso.

Palinso mnyamata amene wasankha kusewera ngati mkazi, kapena wachinyamata wa kwaya amene wasankha kusewera ngati chigawenga. Nthawi yomweyo mafunso amachoka pa OC n'kupita pa iye: kodi ndiwe wotani iwe? Pamenepa mpamene ndimaona kuti taiwala zomwe akuluakulu athu ankazidziwa bwino. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 pamodzi ndi Makishi, ali ndi zilombo za mitundumitundu. Muli Maria, muli Simoni wa nkhope yofiira woseka azungu, muli zoonetsa ulesi, dyera ndi chiwerewere kuti anthu aone kuipa kwake. Pitani ku Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete mwezi wa August mukaone ngati alipo amene amaimitsa ng'oma kuti aweruze banja la munthu chifukwa cha chilombo chimene chatuluka pabwalo. Ngakhale pa sewero la Pasaka kutchalitchi, wosewera Yudasi amadya nafe nsima madzulo ake. Sewero lopanda woipa ndi msonkhano chabe.

Ma-admin ali ndi yankho, ndipo mbali ina ndi loona. Gulu lopanda malamulo limafa msanga. Alipo anthu olowa kudzalamulira OC wa mnzawo popanda chilolezo, kupha aliyense m'uthenga umodzi, kapena kukokera sewero ku zogonana pomwe pagulu pali ana asukulu. Otere achotsedwe, ndipo pa nkhani ya anawo achotsedwe tsiku lomwelo. Ndi zoonanso kuti ngati gulu linagwirizana kuti nkhani ikuchitikira m'chombo cha mumlengalenga, wobwera ndi ngolo ya ng'ombe ayenera kufotokoza kuti yakwera bwanji. Ndipo zilipo zinthu zopatulika zimene eni ake sanazipereke kuti tiziseweretse: zakudambwe n'zakudambwe, ndipo mfumu yamoyo siisandutsidwa OC. Koma taonani kuti malamulo onsewa akukamba za zochita za munthu pagulu. Palibe limodzi lomwe likuti Chisoli sichimveka bwino m'kamwa mwa ngwazi, kapena kuti mwana wa wogulitsa makala sangapulumutse dziko. Malamulo oteteza sewero amalembedwa poyera. Awa othamangitsa anthu salembedwa, amangotuluka m'mimba mwa admin tsiku limene waona dzina lomwe sanalikonde.

Wina anganene kuti ndikukuza kanthu kakang'ono, munthu akachotsedwa apeze gulu lina. Wonena zimenezi mwina amakhala ku Kabulonga ndipo ali ndi Wi-Fi panyumba. Boma la Chongwe lili ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, lili ndi yunivesite ya Chalimbana, koma wachinyamata wa kuno wokonda kulemba nthano alibe malo ambiri okakumana ndi anzake otere. Kupita m'tauni pa Great East Road ndi ndalama ya basi kupita ndi kubwera. Bundle amagula ndi ndalama yomwe akanadyera. Foni amatchaja pamene malaiti abwera. Walemba OC wake usiku wonse, mwina ndiyo nkhani yoyamba m'moyo wake imene sanaumirizidwe ndi aphunzitsi. Mukamuseka sapita kukafuna gulu lina. Amaphunzira kuti zakwawo n'zochititsa manyazi, ndipo ulendo wotsatira amabwera ndi mnyamata wa tsitsi loyera wa ku Tokyo, mzinda umene sanaupondepo. Ena amangosiyiratu kulemba.

Dziko lino linasekapo kale munthu wa maloto. Mu 1964 Edward Mukuka Nkoloso ankaphunzitsa achinyamata kufupi ndi Lusaka kuti apite kumwezi, ndipo manyuzipepala akunja anamusandutsa choseketsa. Patapita zaka zoposa makumi asanu, Namwali Serpell anamuika m'buku lake The Old Drift, lomwe linapambana mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020. Mu 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4 ya Malenga Mulendema, atsikana anayi a ku Lusaka opulumutsa dziko. Lingaliro limeneli likanabwera ngati OC pa magulu ena amene ndikuwadziwa, bwenzi litabwezedwa ndi tuzithunzi toseka.

Choncho inu ma-admin, zimene tikupempha si zambiri. Lembani malamulo anu pomwe aliyense awaone asanalowe. Mukakana OC, tchulani lamulo limene waphwanya ndipo mupatseni mwini mpata wokonza. Mukambe naye ku inbox, osati pamaso pa anthu makumi asanu. Woika screenshot ya mnzake kunja kwa gulu achotsedwe ngati mmene mumachotsera wotukwana. Ndipo inu ena amene mumangowerenga muli chete mnzanu akunyozedwa, lembani mzere umodzi chabe: OC wanga akufuna kukumana ndi woitana mvulayo. Mawu ochepa amenewo amatsegula chitseko chomwe admin watseka, chifukwa sewero ndi la osewera. Akakana ndithu, kutsegula gulu latsopano pa WhatsApp sikulipitsa ngwee, ndipo mtsikana wa ku Kanakantapa akhale woyamba kulowa.