Cidole ca M'cipatala Si Coseweretsa

Munthu wocokera kumudzi atasuzumira m'cipinda cina ca cipatala ndi kuona madokotala ndi anamwino atazinga cidole ca pulasitiki, wina akucikanikiza pacifuwa, wina akucipopera mpweya, angadandaule kuti anchito a Boma akusewera pamene odwala ali pamzere panja. Dandaulo lotere ndi lomveka, koma ndi lolakwika.

M'cipinda ca odwala mwakayakaya, cimene acipatala amati ICU, nthawi siidikira munthu. Mtima ukaima, ubongo umayamba kuonongeka pakangopita mphindi 4 mpaka 6. Wopulumutsa ayenera kukanikiza cifuwa ka 100 mpaka 120 pa mphindi imodzi, ndipo akakanikiza ka 30 apereke mpweya kawiri. Malangizo amenewa ali m'mabuku, koma manja saphunzira m'buku. Ndico cifukwa cake Asmund Laerdal wa ku Norway anapanga cidole ca Resusci Anne mu 1960. Lero kuli zidole zimene zimapuma ndi kugunda mtima, ndipo mphunzitsi angacititse kuti cidole "cidwale" mwadzidzidzi mwa kungodina kompyuta.

Koma phindu lalikulu lagona pa kumvana. Kawirikawiri ngozi imadza ngakhale kuti aliyense amaidziwa nchito yake. Dokotala achula muyeso wa mankhwala, namwino amva wina. Namwino wamng'ono aona kuti paipi ya okosijeni yasololoka, koma cifukwa analeredwa kuti mwana sadula mau a akulu, akhala cete. Ulemu ndi wabwino pabwalo la amfumu. Pambali pa bedi la wodwala ungaphetse munthu. Poyeserera pa cidole, gulu lonse limazolowera kubwereza mokweza lamulo limene laperekedwa, ndipo wamng'ono amazolowera kulankhula. Akatha amakhala pansi ndi kukambirana pamene panalakwika, popanda kuimba munthu mlandu, pakuti palibe maliro.

Mliri wa COVID-19, makamaka m'miyezi ya June ndi July 2021, unaonetsa dziko la Zambia kuti wodwala wobanika amafuna manja ozolowera ngakhale okosijeni ilipo. Ndipo wodwala wa ku Lundazi, Chadiza kapena Petauke sayambira ku UTH. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita oposa 500, motero moyo wake umapulumuka kapena kutayika m'cipatala ca kwao komweko.

Maphunziro amenewa asathere m'zipatala zazikulu za m'mizinda. Si zidole zonse zimene ziri zodula: kacidole ka NeoNatalie, kamene azamba amaphunzirirapo kuthandiza khanda lolephera kupuma, kamangothiridwa madzi ndipo kamakwana m'cikwama. Unduna wa za Umoyo uike tsiku m'mwezi uliwonse loti anchito a m'zipatala za m'maboma aziyeserera pamodzi, mosinthana, kuti ena atsale akuona odwala amene ali pamzere.