Utsi wakuda pachigayo si chizindikiro cha mphamvu

A Mkonzi,

Ndiloleni malo pang'ono m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhule ndi abusa, ansembe, akuluampingo ndi mafumu a kuno kumwera kwa Mzimba pa nkhani ya zigayo za dizilo.

Pa boma, pa Jenda ndi ku Embangweni magetsi adafika, koma m'midzi yotalikirana ndi mawaya, m'madera a Khosolo, Luwerezi ndi Champhira, amayi akudalirabe chigayo cha dizilo. Zina mwa zigayozi zidagulidwa ndi chopereka cha akhristu, zina ndi ndalama zomwe ana athu amatumiza kuchokera ku Joni. Chondidandaulitsa n'chakuti injini zambiri zikufa zisadabweze ndalama zomwe zidagulira, ndipo timathamangira kuloza chala mfiti kapena wogulitsa mafuta, chonsecho tazipha tokha.

Mpingo wina, womwe sindiutchula dzina, udagula injini yatsopano. Patapita miyezi ingapo munthu wina adati ufa ukutuluka mochedwa, choncho adachotsa pule ya pa injini, lija gudumu lomwe lamba amayendapo, naikapo yokulirapo. Utsi wakuda udayamba kufuka ngati pa ng'anjo ya njerwa, anthu n'kumayamikira kuti tsopano ndiye ikugwira ntchito. Isadafike nyengo yokolola yachiwiri, injini idaima osadzukanso. Amayi adabwerera ku mtondo, ena n'kumasenza chimanga mtunda wautali, ndipo a komiti adayamba kunenezana kuti wina wadya ndalama. Mpaka lero ena sapatsana moni bwino pakhomo pa tchalitchi.

Ine ndili mnyamata ndidagwirako ntchito pa boti la injini ya dizilo ku Nkhata Bay, ndipo zomwe ndidaphunzira kumeneko ndi zomwe zikusowa pa zigayo zathu. Pa boti, chomwe chimalemetsa injini ndi pulopela, chitsulo cha mapiko chopalasa madzi kunsi kwa boti. Injini iliyonse ili ndi kachitsulo kokhomedwa pathupi pake, pomwe adalembapo mphamvu zake ndi maulendo omwe iyenera kuzungulira pa mphindi imodzi. Tinene kuti palembedwa 3,000. Pulopela yoyenera ndi yomwe imalola injini kufika pa 3,000 mukatsegula mafuta onse, boti lili ndi katundu wake wa masiku onse. Ikalekezera pa 2,500 uku ikufuka utsi wakuda, ndiye kuti pulopela yakula. Ikamafika pa 3,000 msanga ngati yopanda katundu, boti n'kumayendabe pang'onopang'ono, ndiye kuti yachepa. Ndipo ngakhale zonse zili bwino, woyendetsa wanzeru satsegula mafuta onse tsiku lathunthu. Paulendo wautali amayenda pakati pa 2,200 ndi 2,400, kusiyako mphamvu yodzalimbanirana ndi mwera.

Pa chigayo, ntchito ya pulopela ikugwiridwa ndi pule pamodzi ndi dzanja la wothira chimanga. Masamu ake ngosavuta, mwana wa Sitandade 7 angawathe. Chulukitsani maulendo a injini ndi kukula kwa pule yake, kenaka mugawe ndi kukula kwa pule ya pa chigayo. Injini zambiri za ku China za silinda imodzi zomwe zili m'midzi muno zimazungulira maulendo 2,200 pa mphindi. Ngati pule ya pa injini ndi ya mainchesi 6 ndipo ya pa chigayo ndi ya mainchesi 4, chigayo chizungulira maulendo 3,300. Mukaikapo ya mainchesi 8 pa injini, chigayo chikukakamizidwa kufika pa 4,400. Ngati wopanga chigayocho adalemba 3,300, mwachipitiriza malire: mabering'i amatentha, lamba amaterereka, ndipo injini imabanika. Akuluakulu akukumbukira injini za Lister zochokera ku England, zomwe zina zinkazungulira maulendo 650 okha pa mphindi. Muyeso wa pule womwe udayenera pa injini zimenezo suyenera pa za makonozi.

Palinso china chomwe ogulitsa ambiri satchula. Kuno ku Mzimba tili pamtunda, mamita oposa 1,300 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pomwe nyanja yathu ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Pamtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo injini ya dizilo imapuma mpweya ngati munthu. Injini wamba ikafika kuno imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zomwe zidalembedwa pa kachitsulo kaja. Choncho ya mahosipawa 20 muiwerengere ngati ya 18 basi.

Ena amalakwitsa mbali inayo. Kuyambira pomwe ndalama ya kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo mtengo wa dizilo udakwera, ogayitsa ena amachepetsa kwambiri liwiro la injini pofuna kusunga mafuta. Mahamala akapanda kufika pa liwiro lake, ufa umatsekera pa sefa, thumba limodzi limatenga nthawi yaitali, ndipo injini yosatentha mokwanira imadzaza mwaye mkati. Mafuta omwe mumati mukusunga amathera pomwepo. Kusiya injini ikulira yopanda ntchito kwa maola poyembekeza makasitomala nakonso n'kuiwononga.

Ife a kuno timadziwa ng'ombe za pa ngolo. Palibe munthu wanzeru amasenzetsa ng'ombe ziwiri katundu wa ng'ombe zinayi, n'kumanyadira kuti zikutuluka thovu kukamwa. Utsi wakuda ndi thovu limenelo. Ndi dizilo yemwe mwagula ndi ndalama zanu akutuluka wosapsa bwino.

Pempho langa kwa atsogoleri a mipingo ndi makomiti a m'midzi ndi ili. Musadapereke ndalama, funsani wogulitsa akuonetseni manambala a pa injini ndi a pa chigayo, ndipo muchite masamu aja pamaso pake. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Sankhani injini yomwe ingayendetse chigayocho ndi magawo atatu mwa anayi a mphamvu zake, osati yomwe ichite kudzipanikiza. Mulembe m'buku la komiti kukula kwa mapule onse awiri, ndipo pasapezeke wosintha pule kapena wopotokola gavanala komiti isadakhale pansi. Wogayitsa aphunzitsidwe kumvetsera kulira kwa injini: ikayamba kubuula ndi kufuka, achepetse chimanga chomwe akuthira kufikira mawu ake atabwerera mwakale. Asefe dizilo, apukute chosefera mpweya kawirikawiri popeza pachigayo pamachuluka fumbi la ufa, ndiponso asinthe oyilo pa maola omwe buku la injini lanena.

Ndikudziwa kuti mzere ukatalika pachigayo amayi amadandaula, ndipo wogayitsa amafuna kuwasangalatsa. Koma kudikira theka la ola lero kuli bwino kusiyana ndi kusinja pa mtondo chaka chathunthu. Kuthamanga sikufika. Abusa ndi ansembe, ndalama zimenezi ndi za amayi amasiye omwe adagulitsa nkhuku ndi nyemba zawo kuti apereke, ndiye tizisamale monga tisamalira mbale ya chopereka.

Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mkulu wa mpingo wodandaula,
Mzimba